Lamba Wobisika M'injini: Musadikire Kuti Aduke

Amayi anzanga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwadabwa poona mutu wa nkhani yathu sabata ino, ndipo mwina mwaganiza kale zopereka tsambali kwa bambo a kunyumba kuti awerenge okha. Ndikupemphani kuti muyambe mwawerenga inuyo. Masiku ano magalimoto ogwirapo kale ntchito, makamaka ochokera ku Japan, adzaza m'misewu yathu, ndipo ambiri a iwo adagulidwa ndi thukuta la amayi: ndalama za mtedza, za kaunjika, za ku banki m'khonde, kapenanso zimene mwana adatumiza ali ku Joni. Galimoto ikawonongeka, vutolo silithera ku galaja ayi. Limafika m'khitchini ndi pa fizi ya ana, ndipo amene timayamba kulimva ndife.

Ine sindine makanika, ndipo sukulu ndidalekera Sitandade 8. Zimene ndikulemberanizi ndidaziphunzira nditakhala pa mwala m'mbali mwa msewu, matimati a anzanga akuwola ndi dzuwa ine ndikuona.

Mu 2021 gulu lathu la amayi, litasunga ndalama zaka zitatu, lidagula Toyota Hilux yakale ya dizilo kuti tizinyamulira matimati, kabichi ndi kachewere kuchokera ku Lizulu kupita ku Blantyre. Amene adatigulitsa nayenso adachita kugula kwa wina. Tidayang'ana matayala, tidamvetsera kulira kwa injini, tidagogoda ngakhale zitsulo za kumbuyo monga timachitira pogula mphika pamsika. Za lamba palibe adafunsa, pakuti palibe mwa ife ankadziwa kuti m'injini muli lamba wotere. Patapita miyezi ingapo, kanyali kolembedwa kuti T-BELT kadayaka kutsogolo kwa dalaivala, ndipo mnyamatayo, mwana waulemu wake, adabwera kudzandiuza.

"Amayi, kanyali aka kakunena kuti lamba wa m'kati wakwana nthawi yosintha."

"Nanga galimoto ikuyenda bwanji, mwana wanga?"

"Ikuyenda bwino ndithu, amayi."

"Tsono tidikire pang'ono. Amayi agawane kaye ndalama za feteleza, za lambazo tiona mvula ikagwa."

Mawu amenewo adatuluka pakamwa panga, sindinganamizire wina. Mnyamatayo adapeza munthu amene adazimitsa kanyaliko kuti kasamamusokoneze maso, ndipo tonse tidaiwala. Patangotha milungu 7, tiri pa Phalula nthawi ya masana ndi katundu wodzaza, injini idangoti zii, popanda utsi kapena chenjezo lirilonse. Atakaitsegula ku galaja adapeza mavalavu atapindika, ndipo mutu wonse wa injini udayenera kuchotsedwa. Galimoto idakhala mwezi wathunthu osayenda. Ndalama zimene tidalipira zikadagula malamba angapo pamodzi ndi malipiro a owaika, ndipo pamenepo sindikuwerengera matimati aja, kapena manyazi amene ndidakhala nawo poima pamaso pa amayi 18 kuwafotokozera kumene kwapita phindu lawo.

Kodi lamba ameneyu ndi wotani?

Amakanika amamutchula kuti timing belt, ndipo ndi dzina limenelo limene muyenera kunena m'sitolo ya masipeya. Musamusokoneze ndi fan belt, lamba uja amaonekera mukangotsegula boneti, amene nthawi zina amalira ngati mbewa m'mawa kukazizira. Amene tikunena pano ndi wobisika m'chivundikiro kutsogolo kwa injini, ndipo ali ndi mano m'kati mwake. Ndi wa mphira wolimbitsidwa ndi ulusi.

Kuti mumvetse ntchito yake, kumbukirani amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Musi wa uyu ukamatsika, wa mnzake umakhala ukukwera, ndipo ngakhale asinje mofulumira chotani misiyo siigundana, chifukwa onse akutsata nthawi imodzi. Koma mmodzi akangocheukira mwana amene akulira, misi imawombana. M'injini mulinso zotere. Mapisitoni amakwera ndi kutsika, pamene mavalavu, amene ali ngati tizitseko, amatseguka kuti mpweya ulowe ndi kutinso utsi utuluke. Chitsulo chozungulira cha pansi, crankshaft, chimayenda ndi mapisitoni. Cha pamwamba, camshaft, ndicho chimatsegula mavalavu. Lambayu amalumikiza ziwirizi kuti cha pansi chikazungulira kawiri, cha pamwamba chizungulire kamodzi, osaphonya ngakhale dzino limodzi. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, monga ichitira pa ulendo wamba, valavu iriyonse imatseguka ka 25 pa sekondi imodzi. Lamba akaduka, mavalavu amaima pomwe ali, ena ali chitsegukire, koma mapisitoni amapitirizabe kukwera ndi mphamvu ya galimoto imene ikuthamanga. Zotsatira zake ndi zimene tidaziona pa Phalula.

Pali injini zina zimene zidapangidwa mwakuti pisitoni siifika pamene pali valavu. Za petulo za Toyota zotchedwa 4A-FE, 5A-FE ndi 3S-FE, zimene ziri mu Corolla, Carina, Corona ndi RAV4 za m'ma 1990, zimadziwika kuti lamba akaduka zimangozima osaphwanya kanthu. Koma musatonthozedwe nazo kwambiri, pakuti galimoto imene yazima usiku pa chitunda, muli ndi wodwala kapena mayi woyembekezera, yakuvutitsani kale ngakhale mavalavu ali bwino. Injini za dizilo ziribe chifundo chimenechi, chifukwa mpata wa pakati pa pisitoni ndi valavu ndi wochepa zedi.

Si galimoto iriyonse iri ndi lamba

Apa ndi pamene amayi ambiri amadyeredwa ndalama. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a m'ma 2000 kudza kuno ali ndi tcheni ya chitsulo m'malo mwa lamba. Toyota Vitz, Passo, Sienta ndi Probox za petulo, Honda Fit, Nissan Note ndi Tiida za petulo, zonsezi ziri ndi tcheni. Tcheni siisinthidwa potsata makilomita. Imangofuna oyilo woyenera, wosinthidwa pa nthawi yake, ndipo ikayamba kutha imadzinena yokha ndi phokoso la tsekeretsekere poliza injini m'mawa. Munthu akakuuzani kuti Sienta yanu ikufuna timing belt watsopano, gwirani kachikwama kanu mwamphamvu.

Amene ali ndi lamba ndi monga Corolla zakale tazitchula zija, Honda CR-V yoyambirira ya m'ma 1990, Subaru za injini ya EJ, ndi magalimoto a dizilo a Toyota amene amanyamula dziko lino: Hiace ndi Hilux za injini ya 2L, 3L ndi 5L, Prado ya 1KZ, Land Cruiser ya 1HZ, ndi Hilux zolembedwa D-4D za injini ya 1KD ndi 2KD. Hilux za injini ya GD, zimene zidayamba kutuluka mu 2015, ziri ndi tcheni. Ngakhale dzina limodzi likhoza kusocheretsa: Daihatsu Mira zakale za injini ya EF ziri ndi lamba, pamene zotsatira zake za injini ya KF ziri ndi tcheni. Chifukwa chake musafunse ndi dzina la galimoto lokha. Pezani kachitsulo kapena kapepala kolembedwa kamene kamakhala pansi pa boneti kapena pa mphuthu ya chitseko, koperani zilembo za injini m'kope lanu, ndipo funsani ndi zilembo zimenezo. Safunsa adadya phula.

Asinthidwe liti?

Opanga magalimoto amapereka miyeso iwiri, wa makilomita ndi wa zaka, ndipo umene wayamba kukwana ndi umene mutsate. Ku Japan muyeso wozolowereka ndi makilomita 100,000. Injini za 1KD ndi 2KD adaziikira 150,000. Kunena za zaka, ambiri amaika pakati pa 5 ndi 7, ndipo buku la galimoto yanu, ngati liripo, ndilo liri ndi mawu otsiriza. Ngati galimoto idachokera ku Britain, kumbukirani kuti nambala zake ndi mamailosi. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6, choncho pakalembedwa 62,000 ndiye kuti 100,000 yatsala pang'ono kukwana.

Muyeso wa zaka ndi umene timaunyalanyaza kawirikawiri. Ndamva amayi akunyadira kuti, "Yathuyi idabwera itangoyenda makilomita 60,000, mwini wake anali gogo wongopita nayo kumsika." Zikhoza kukhala zoona. Komatu ngati galimotoyo iri ndi zaka 15, lamba wakenso ali ndi zaka 15 ngati sadasinthidwepo. Taganizani za lasitiki amene mudamusunga m'sutikesi zaka zambiri osamugwiritsa ntchito: mukamukoka amangoduka ngakhale akuoneka watsopano. Lamba nayenso amauma ndi kukalamba, ayende asayende. Onjezerani kutentha kwa ku Chikwawa ndi ku Salima, fumbi la misewu ya kumudzi, katundu wopyola muyeso, ndi nthawi yaitali imene injini imalira galimoto itaima pa depoti kudikira anthu. Nthawi imeneyo lamba amazungulira, koma nambala ya makilomita siisuntha. Ine ndikuona kuti kuno kwathu n'kwanzeru kusintha muyeso usanakwane, osati utapitirira.

Tsono vuto lenileni la galimoto yogula kwa wina ndi lakuti simudziwa pamene muyambire kuwerenga. Pali njira zingapo zofufuzira. Amakanika a ku Japan akasintha lamba amakonda kumata kapepala pa chivundikiro cha lambayo kapena pansi pa boneti, kolembedwa makilomita ndi tsiku. Mawu ake simungawawerenge, koma nambala mungathe. Chenjerani ndi chaka, chifukwa iwo kawirikawiri amawerenga zaka potsata ufumu wa mfumu yawo. Mukaona chilembo H, onjezani 1988 pa nambalayo: H28 ndi 2016. Mukaona R, onjezani 2018: R3 ndi 2021. Mayi wina wa m'gulu lathu adaona 24 pa kapepala ka galimoto ya mwamuna wake nasangalala kuti lamba ndi wa 2024. Titayang'anitsitsa tidapeza H kutsogolo kwake. Anali wa 2012.

Nambala ya makilomita nayonso musaikhulupirire ngati Mawu a Mulungu, pakuti pali anthu amene amaibweza m'mbuyo kuti galimoto ikwere mtengo. Pemphani chikalata chimene galimoto idatulukira nacho ku Japan, chotchedwa export certificate, pamene pamalembedwa makilomita amene idali nawo poyesedwa ndi boma la kumeneko. Ngati nambala ya pa chikalata iposa ya m'galimoto, mwadziwa munthu amene mukuchita naye malonda. Yang'ananinso mphira wa popondera mabuleki ndi chiwongolero: zikakhala zoperepeseka pamene nambala ikunena 50,000, china chake chikunama.

Ndipo wogulitsa akati, "Lamba ndidasintha chaka chatha," muyankheni mwaulemu kuti, "Zikomo bambo, tingaone nawo lisiti?" Popanda lisiti, popanda kapepala, muyese kuti lamba sadasinthidwe. Ikani mtengo wa ntchitoyo pa mtengo wa galimoto musanavomere kugula, nenererani nawo, ndipo galimoto ikangofika pakhomo ulendo wake woyamba ukhale wa ku galaja. Uwu ndiwo uphungu waukulu umene ndiri nawo, ndipo ndikadaumva mu 2021 bwenzi nkhani ino ndisakulemba.

"Tangomuyang'anani, ngati ali bwino timusiye"

Mawu awa amamveka anzeru, ndipo pa injini zambiri chivundikiro cha pamwamba chimatseguka mosavuta. Makanika akaona ming'alu pa msana wa lamba, ulusi utatuluka m'mbali, mano atayamba kung'ambika m'tsinde, kapena oyilo atamunyowetsa, galimotoyo isachoke pa galajapo. Oyilo ndi mdani wamkulu wa lamba wotere, chifukwa amamufewetsa mpaka mano amasosoka. Madzi odontha kuchokera m'chivundikiro, kapena phokoso la kukhuluza kutsogolo kwa injini, ndi zizindikiro zakuti pampu ya madzi kapena timagudumu toyendapo lamba tayamba kutha. Koma dziwani ichi: maso angakuuzeni kuti lamba ndi woipa, koma sangakutsimikizireni kuti ndi wabwino. Ulusi wa m'kati umatopa osaonekera. Wathu uja sadalire, sadanunkhe, ndipo m'mawa wa tsikulo injini idalira bwino kuposa masiku onse.

Kanyali ka T-BELT nako sikaona lamba. Kamangowerenga makilomita, ndipo munthu wodziwa akhoza kukazimitsa m'mphindi zochepa osagwira sipanala. Kusayaka kwake si umboni wa kanthu pa galimoto imene yadutsa m'manja ambiri.

Ndingotchulako mwachidule kuti pali injini zina zatsopano, monga ya dizilo ya malita 2.0 ya mu Ford Ranger, zimene lamba wake adapangidwa kuti aziyenda m'kati mwa oyilo. Zimenezi zimafuna oyilo weniweni amene opanga adalamula, osati wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu.

Pa tsiku losintha

Ndalama zambiri pa ntchito imeneyi zimapita ku kumasula ndi kumanga, osati ku lamba weniweniyo. Chifukwa chake si nzeru kuika lamba watsopano pa timagudumu takale. Kagudumu kokoka lamba kuti akhale wokungika, kamene amakatchula tensioner, pamodzi ndi tinzake, tisinthidwe tsiku lomwelo, pakuti kamodzi kakagwira, lamba watsopanoyo amaduka chimodzimodzi. Pa injini zimene pampu ya madzi imayendetsedwa ndi lamba yemweyu, monga 3S-FE, pampuyo isinthidwenso. Timphira totseka oyilo pa camshaft ndi crankshaft tikhale tatsopano ngati tayamba kudontha. Mayi wanzeru akafumula denga kuti asinthe udzu, sasiya phaso lofumbwa m'katimo.

Samalani ndi masipeya achinyengo, amene mabokosi ake amafanana ndithu ndi enieni. Maina monga Gates, Mitsuboshi ndi Bando ndi a makampani odziwika opanga malamba, koma dzina pa bokosi aliyense akhoza kulisindikiza. Gulani m'sitolo yokhazikika imene imapereka lisiti, ndipo mtengo ukatsika modabwitsa, dabwani. Pitani ndi zilembo za injini zija, chifukwa malamba amasiyana kuchuluka kwa mano. Ntchitoyi musaipereke kwa wophunzira kumene ngakhale akhale mphwanu, popeza lamba akaikidwa molakwitsa dzino limodzi galimoto imafooka ndi kudya mafuta, ndipo akalakwitsa mano angapo injini ya dizilo imawonongeka pa kuliza koyamba. Makanika wosamala amazungulitsa injini ndi dzanja kawiri, naonanso ngati zizindikiro zakumana, asanagwire kiyi.

Ntchito ikatha, pemphani kuti akupatseni lamba wakale ndi timagudumu take m'jumbo. Makanika wokhulupirika sakhumudwa nazo. Lembani tsiku ndi makilomita m'kope, ndiponso pa chivundikiro cha lambayo ndi penti.

Nanga bambo akakana?

Ndikudziwa kuti m'mabanja ambiri galimoto ndi nkhani ya bambo, ndipo mayi akayamba kufunsa za injini ena amaona ngati akulandidwa mpando. Musayambe nkhaniyi pa anthu, kapena galimoto itafa kale, pamene mawu alionse amamveka ngati chitonzo. Sankhani madzulo abwino, atadya, ndipo funsani ngati wofuna kuphunzira: "Bambo a ana, ndawerenga za lamba wa m'injini. Kodi wathuyu adasinthidwa liti?" Akayankha kuti sadziwa, musaseke, chifukwa abambo ambiri amene amayendetsa bwino sadziwanso. Akati ndalama palibe, apo ndi pamene luso lathu limagwira ntchito. Ife amene timatha kusunga ufa kuti ufike mwezi wa February sitingalephere kupatula kangachepe mwezi ndi mwezi. Ubwino wa lamba ndi wakuti tsiku lake limadziwika zaka zisanakwane, kusiyana ndi matenda kapena maliro. Galimoto imene imayenda makilomita 20,000 pa chaka imakupatsani zaka 5 zokonzekera.

Kwa inu amayi amasiye amene mudatsala ndi minibasi kapena pikapu, ndi inu amene amuna anu ali kunja ndipo galimoto iri m'manja mwa dalaivala, kope la galimoto likhale kwa inu, osati m'galimoto. Sabata iriyonse lembani nokha nambala ya makilomita. Tsiku losintha lamba pitani nawo ku galaja, tengani mpando, khalani pamthunzi mpaka muone lamba wakale atatuluka. Kutuma wina kuti akakuonereni ndi kumene kumabala nkhani za m'maluwa.

Tsoka likakugwerani panjira, injini n'kuzima mwadzidzidzi, ndipo poyesa kuliza mukumva sitata ikuzungulira mopepuka ndi mofulumira kuposa masiku onse, lekani pomwepo. Musalole anyamata achifundo kuti aikankhe, chifukwa kuzungulira kulikonse kukhoza kupinda mavalavu amene adapulumuka. Ikankhireni kumbali giya itachotsedwa, ikani zizindikiro zochenjeza kutsogolo ndi kumbuyo, tsitsani ana aime kutali ndi msewu, ndipo funani galimoto yodzaikoka. Ife pa Phalula tidaikankha katatu konse, amayi anayi ndi anyamata a pamsika, ndipo amakanika atamva zimenezo adangogwira kukamwa.

Hilux yathu ikuyendabe. M'kope la gulu, patsamba lotsatana ndi la ngongole, mlembi wathu adalemba makilomita amene lamba adalowera ndi amene adzatulukire, ndipo pa ulendo uliwonse wa ku Blantyre msungichuma amapatula gawo la lamba tisanawerenge phindu. Pa msonkhano wa mwezi watha dalaivala adatiwerengera nambala ya m'galimoto, tidachotsera, ndipo tidapeza kuti kwatsala makilomita 14,000. Tagwirizana kuti tisintha mu September, matimati a m'dimba asanachuluke.